Snare ya ng'oma zamagetsi ikamamveka moipa: poyambira kufufuza vuto

Dandaulo limene limabwerabwera pakati pa oimba ng'oma m'matchalitchi ndi m'mabandi athu kuno ku Harare, kaya ndi ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose kapena ku Mabvuku, n'lakuti snare ikulira ngati chitini. Kunyumba, m'mahedifoni, imamveka bwinobwino, koma ikangolowa m'masipika Lamlungu imasanduka ina. Ambiri amathamangira kusintha mawu a snare, n'kuyesa onse amene ali mu module, kabokosi kosunga ndi kutulutsa mawu a ng'oma, mpaka kumapeto, koma vuto osachoka. Chifukwa chake n'chakuti mawu amene akufika m'khutu mwanu adutsa malo anayi: pad (kang'oma kamagetsi) imene mwamenya, makonzedwe a trigger amene amawerenga kamenyedwe kanu, mawu osungidwa mu module, kenako sipika ndi chipinda. Vuto likakhala pa malo oyamba kapena achiwiri, ngakhale musankhe snare yabwino chotani, idzamvekabe moipa. Choncho fufuzani motsatira dongosolo limeneli, osalumpha.

Pad yeniyeniyo ndi mawaya ake

Pansi pa kaneti ka pad, kamene ambiri amangoti mesh, pali kasiponji kosongoka kokhala pa kachitsulo kopyapyala kozungulira kotchedwa piezo. Mukamenya, kunjenjemera kumadutsa m'siponji n'kufika pa piezo, ndipo piezo imatulutsa kamphamvu ka magetsi. Module imayeza kamphamvu kameneka n'kukapatsa nambala ya pakati pa 1 ndi 127. Nambalayi, imene imatchedwa velocity, ndi imene imasankha kuti mawu atuluke mofewa kapena mwamphamvu. Pa snare zambiri pali piezo yachiwiri yomvera rim, m'mphepete mwa pad.

Mesh ikakhwepa, mavuto atatu amabwera pamodzi. Kamtengo kamazama n'kumenya siponji mwachindunji, mesh imagwedezeka nthawi yaitali mpaka module n'kuwerenga kawiri pomwe mwamenya kamodzi, ndipo siponjiyo imaphwanyika msanga. Tengani kiyi wa ng'oma n'kumanga mabawuti moyang'anizana, ili kenako la tsidya linalo, gawo limodzi mwa magawo anayi a mzungulo nthawi iliyonse, mpaka mutazungulira onse. Mukakanikiza ndi chala pafupi ndi pakati, mesh ingolowa pang'ono n'kubwerera. Dziwani kuti kumanga mesh sikukweza mawu a snare ngati mmene zimakhalira pa ng'oma yachikopa. Kumangosintha mmene kamtengo kakudumphira ndi mmene piezo ikumvera. Amene amamasula mesh pofuna snare ya mawu akuya amangowononga siponji.

Ngati mwamanga koma mawu akudukadukabe, chotsani mesh muone m'kati. Nsonga ya siponji iyenera kupitirira m'mphepete mwa chibade cha pad ndi milimita imodzi kapena ziwiri, kuti izikhudza mesh nthawi zonse. Ikakhala yophwatalala, yonyenyeka kapena yopendekera mbali imodzi, yatha ntchito, ndipo palibe batani la mu module limene lingaikonze. Onaninso ngati piezo idakali yomatika. Ng'oma zimene zimanyamulidwa pa lole yosatseka pa dzuwa la mu Okutobala, kapena zosungidwa m'kachipinda ka malata, zimavutika ndi zimenezi chifukwa kutentha kumafewetsa zomatira. Fumbi lipukuteni ndi kansalu kouma. Osathira mafuta kapena madzi.

Za waya ndi zachidule koma zimapusitsa anthu ambiri. Snare imafuna waya wa stereo, wa timizere tiwiri takuda pa mutu wake. Mukalowetsa wa gitala, wa kamzere kamodzi, pakati padzalira koma rim idzakhala chete. Kuti mudziwe ngati vuto lili pa pad kapena pa waya, zulani waya wa tom muulowetse pa snare. Vuto likapitirira, ndi pad. Likatha, ndi waya wa snare kapena makonzedwe ake. Pa ng'oma monga Roland TD-17 ndi Alesis Nitro, mawaya onse amakumana pa pulagi imodzi yaikulu ya mano 25, ndipo timabawuti take tiwiri tikakhwepa, pad imodzi imatha kumazimazima.

Pomaliza pa gawo lino, tsegulani makonzedwe a trigger muone dzina la pad limene lasankhidwa. Ng'oma zambiri zimene zili m'manja mwathu n'zogula kwa ena, ndipo nthawi zina module ndi ya seti ina, snare ya seti ina. Ngati pad yanu ndi PDX-12 ya mainchesi 12 koma module ikuganiza kuti ndi PDX-8 ya mainchesi 8, manambala onse amakhala olakwika kuyambira pachiyambi. Sankhani dzina loyenera, kapena lofanana nayo kukula ndi kapangidwe.

Snare yomveka chimodzimodzi nthawi zonse

Apa ndi pamene pagona vuto la ambiri, ndipo m'pofunika kukhalapo nthawi. Snare iliyonse yabwino mu module ili ndi mawu angapo ojambulidwa, ofewa, apakati ndi amphamvu. Sensitivity, muyezo wa mmene pad imamvera kumenya, ikakwera mopitirira, kumenya kulikonse kumafika pa 127, ndipo module imangobwereza mawu amphamvu okhaokha. Zotsatira zake ndi roll (kumenya kotsatizana mothamanga) youma, yopanda moyo, ndipo woimba amaganiza kuti snare imeneyo ndi yoipa pomwe sanamve n'komwe mawu ake ofewa.

Konzani chonchi. Tsegulani tsamba limene limaonetsa mphamvu ya kamenyedwe, kaya ndi nambala kapena kamzere kokwera. Menyani mmene mumamenyera nyimbo ikafika pachimake, ndi timitengo timene mumagwiritsa ntchito masiku onse. Tsitsani sensitivity mpaka kumenya kwamphamvu kotheratu kokha kuzifika pa 127. Kumenya wamba kwa pa 2 ndi 4 kuzigwera cha m'ma 90 mpaka 110, ndipo timawu tofewa ta pakati tizikhala pansi pa 40. Pa Roland sensitivity imayenda kuchokera pa 1 mpaka 32, ndipo kusuntha ndi nambala imodzi kapena ziwiri kumasintha zambiri. Mukamaliza mudzaona ngati ng'oma yachepa mawu. Musabwezere sensitivity m'mwamba. Kwezani voliyumu ya snare m'malo mwake. Zinthu ziwirizi n'zosiyana, ndipo kuzisokoneza ndi kumene kumawononga maseti ambiri a m'matchalitchi, makamaka pamene anthu atatu kapena anayi amasinthana pa mpando umodzi.

Timawu tofewa tikamasowa, vuto ndi threshold. Imeneyi ndi malire amene module imanyalanyaza chilichonse chosafikapo. Itsitseni pang'onopang'ono uku mukugunda mofewa kwambiri mpaka kugunda kulikonse kumveke. Kenako uzani wa bass aimbe, sipika ili pamalo ake a masiku onse. Snare ikayamba kulira yokha, kwezani threshold ndi nambala imodzi basi.

Curve, imene imasankha mmene mawu amakwerera malinga ndi mphamvu ya dzanja, isiyeni pa LINEAR mpaka zonsezi zitatheka. Pambuyo pake, wa dzanja lopepuka angayese LOG, imene imakweza kumenya kofewa, ndipo wa dzanja lolemera angayese EXP, imene imasunga mawu amphamvu mpaka atamenyadi. LOUD ithaweni pa snare, chifukwa imafafaniza kusiyana konse kumene mwangokonza.

Palinso vuto la malo amodzi apakati penipeni amene amaphulika kuposa ena onse. Limachitika pa ma pad amene siponji yake ili pakati, kamtengo kakagwera pamwamba pake ndendende. Kumanga mesh kumachepetsa, ndipo kuzolowera kumenya masentimita awiri kapena atatu kuchoka pakati kumathandiza kwambiri. Ma pad ena anaikidwa siponji m'mbali pofuna kuthana ndi zimenezi, ndipo PD-140DS, imene inabwera ndi TD-50 mu 2016, ili ndi zomvera zingapo pansi pa mesh. Koma amene ali ndi pad yakale asataye mtima, imakonzeka ndithu.

Kulira kawiri, kulira yokha, kapena kumeza mawu

Mwamenya kamodzi koma yalira kawiri. Ngati mesh ndi yomangika, kwezani retrigger cancel nambala imodzi imodzi, n'kuima pomwe kulira kwachiwiri kwathera. Mukapitirira, roll yothamanga iyamba kutaya mawu ena, ndipo woimba sungura amazindikira zimenezi nthawi yomweyo. Mask time ndi nthawi imene module imatseka makutu ikangomva kumenya koyamba. Ndi yothandiza pa kick, koma pa snare ikhale yochepa, mamilisekondi osapitirira 10, apo ayi flam (kumenya kuwiri koyandikana kwambiri) ndi roll zimaduka. Scan time, nthawi imene module imatenga poyeza mphamvu ya kumenya, pa pad ya mesh imakhala cha pa mamilisekondi awiri. Mukaitsitsa kwambiri, kumenya kofanana kumatuluka mosiyanasiyana. Mukaikweza kwambiri, mawu amachedwa pang'ono ndipo dzanja limamva.

Snare ikamalira pamene mwamenya tom kapena hi-hat, kunjenjemera kukuyenda m'zitsulo za rack, zimene zimanyamula ma pad onse. Yambani ndi manja, osati ndi mabatani: mangani zolumikizira zonse, siyanitsani ma pad amene akukhudzana, ndipo yalani kapeti pansi, makamaka pa pulatifomu yamatabwa. Ngati n'kotheka, ichotseni snare pa rack muiike pa sitandi yakeyake. Njira imeneyi imachepetsa vuto kwambiri. XTalk cancel, yoletsa pad kumva kumenya kwa pad ina, ikhale yomalizira, ndipo muikweze pang'ono, chifukwa ikakwera kwambiri snare imazima mukamenya pamodzi ndi pad ina nthawi imodzi.

Rim ili ndi mavuto akeake. Mawu a rim akamatuluka pomwe mwamenya pakati mwamphamvu, kapena rimshot (kumenya pakati ndi rim nthawi imodzi) ikamakana, sinthani head/rim adjust pang'onopang'ono uku mukuyesa zonse ziwiri. Rim gain ndi yokweza mphamvu ya rim yokha. Onaninso labala la m'mphepete, chifukwa likang'ambika, kamtengo kamagunda chitsulo ndipo module imasokonezeka. Pa nyimbo zachifatse ndi za reggae mumafuna cross-stick, kugunda rim kamtengo katagona pa ng'oma. Pa TD-17 muyenera kuyatsa XStick, ndipo kugunda rim mofewa kumapereka cross-stick pomwe kwamphamvu kumapereka rimshot. Malire ake mumaika nokha. Pa ma module amene rim imanyamula mawu amodzi okha, pangani ma kit awiri oyandikana manambala (kit ndi mawu a ng'oma zonse osungidwa pa nambala imodzi), ina ya rimshot ina ya cross-stick, kuti muzisintha ndi batani limodzi pakati pa nyimbo.

Tsopano sankhani mawu

Maina a ma snare mu module nthawi zambiri amanena zinthu ziwiri: chimene anapangira chibade ndi kukula kwake. Steel ndi yowala ndi yolira nthawi yaitali. Brass ndi yonenepa koma yolasabe. Aluminium ndi youma, siichedwa kuzima. Maple ndi yofunda, birch ndi yakuthwa pang'ono. Snare wamba ndi ya mainchesi 14 m'lifupi ndi 5 kapena 5.5 kuzama. Ya 6.5 ili ndi thupi lalikulu, pomwe piccolo, yozama mainchesi atatu kapena atatu ndi theka, ndi yokwera ndi yachidule.

Nyimbo yothamanga imafuna snare yofupika. Pa sungura ndi jiti, pamene magitala ndi bass sizipuma, sankhani piccolo kapena aluminium, yokwera pang'ono, yopanda reverb (mawu obwerera ngati a m'holo) yambiri, kuti kumenya kulikonse kuzime kusanabwere kotsatira. Pa nyimbo zopembedza zachifatse, ya 14 x 6.5 ya maple kapena brass yotsitsidwa pang'ono imadzaza mpata. Pa makolasi amene mpingo wonse ukuwomba m'manja, snare yopyapyala imamira, chifukwa mawu a m'manja ali m'dera lomwelo. Apa mukufuna ya thupi, imene imamveka pansi pa kuwombako. Pa Zimdancehall ndi nyimbo zina za makina, mawu a TR-808 ya mu 1980 kapena TR-909 ya mu 1983 ndi oyenera, koma sakwanira pa roll yofewa, choncho akhale pa kit yawoyawo.

Mukamasintha tuning, musapite patali. Module imakoka kapena kufinya mawu ojambulidwa, ndipo mukapitirira masemitoni awiri kapena atatu, snare yotsitsidwa imakhala yaulesi ndi yamdima, yokwezedwa imakhala yopyapyala. Ngati mukufuna kupita patali choncho, ndiye kuti mwasankha snare yolakwika, bwererani mukatenge ina. Kulira kotsalira kuduleni ndi muffling, imene pa Roland imalembedwa TAPE kapena DONUT, kapena ndi decay pa ma module ena. Koma musaphe kulira konse. Kulira kumene kumakunyansani mukamaimba nokha ndi kumene kumathandiza snare kumveka bandi yonse ikalowa. Ma module monga TD-27 amalolanso kumanga kapena kumasula timawaya ta pansi pa snare. Tomangika timayenera nyimbo zothamanga, tomasuka timayenera zachifatse.

Malangizo athu ndi akuti musankhe ma snare atatu okha, mupange ma kit atatu, muwapatse maina omveka. Kusankhako kuchitike pa pulakatisi, m'chipinda chimene mudzaimbiremo, kiyibodi ndi bass zikulira, inu mutaima pamene pamakhala anthu, mnzanu akumenya. Mahedifoni sangakuuzeni zoona pa nkhani imeneyi.

M'masipika ndi m'chipinda

Ma kit ochokera ku fakitale amabwera ndi ambience (mawu oyerekeza chipinda) ndi reverb zambiri kuti azikoma m'mahedifoni. Mipingo yathu yambiri imasonkhana m'makalasi, m'maholo a simenti ndi m'nyumba zofolera malata, momwe mawu amabwerera okha kuchokera m'makoma. Reverb ya module ikaphatikizana ndi ya chipinda, snare imapita kutali n'kusungunuka. Zimitsani ambience kaye, mumvere, kenako muibwezere pang'ono ngati ikufunikadi. Mu tenti kapena panja m'pamene reverb yaifupi, yosakwana sekondi imodzi, imathandiza.

Pa EQ, yosinthira mawu otsika, apakati ndi okwera, yambani ndi kuchotsa musanawonjezere. Thupi la snare lili pakati pa 150 ndi 250 Hz. Mawu otsekeka, osamveka bwino, ali cha m'ma 400 mpaka 800 Hz, ndipo kuchotsapo 3 dB kumayeretsa zambiri. Kulasa kuli pakati pa 2 ndi 5 kHz, ndipo m'masipika otsika mtengo dera limeneli ndi limene limapweteka makutu, choncho kawirikawiri limafuna kutsitsidwa osati kukwezedwa. Phokoso la timawaya lili pamwamba pa 6 kHz. Sinthani zimenezi mu module, pa snare yokha. Mukasinthira pa mixer, mumasinthanso kick ndi ma cymbal chifukwa zonse zili pa chanelo imodzi. Ngati mukugwiritsa ntchito compressor, yopanikiza mawu amphamvu, attack (nthawi imene imatenga kuti igwire) ikhale pakati pa mamilisekondi 10 ndi 30 kuti kugunda koyamba kudutse. Ikafulumira kuposa apo, snare imaphwa.

Ngati mukutumiza waya umodzi, utulukire pa L/MONO. Voliyumu ya module ikhale cha pa magawo atatu mwa anayi, ndipo mulowetse pa LINE kapena kudzera pa DI box (kabokosi kolumikizira chida ku mixer), osati pa malo a maikolofoni gain ili m'mwamba. Kagetsi kofiira kakamayaka nthawi iliyonse mwamenya snare, mawu akung'ambika pa mixer, osati mu module. Pali kanjira kothandiza kwa amene module yawo ilibe zotulutsira zapadera: tembenuzani pan (yotumiza mawu kumanzere kapena kumanja) ya snare kumanzere kotheratu, zina zonse kumanja kotheratu, zimitsani ambience, n'kutumiza mawaya awiri ku machanelo awiri, onse pan ili pakati. Woyendetsa mixer akhoza tsopano kukweza kapena kutsitsa snare payokha.

Kusanjikiza mawu ndi kulowetsa anuanu

Ma module monga TD-17 amalola kuika mawu achiwiri pansi pa oyamba, komanso kulowetsa anu kudzera pa SD card. Fayilo ikhale ya WAV, ya 44.1 kHz, ya 16 kapena 24 bit. Yodutsa pa WhatsApp ngati mawu wamba imafinyidwa n'kutaya kuwala kwake, choncho pemphani kuti akutumizireni ngati document. Musanailowetse, itseguleni mu pulogalamu ya pa kompyuta ya Audacity n'kudula kachete kalikonse ka kumayambiriro. Kachete ka mamilisekondi 10 okha n'kokwanira kuti snare yosanjikizidwa imveke ngati yamenyedwa kawiri.

Mawu achiwiriwo akhale pansi pa oyamba ndi 6 mpaka 10 dB. Ngati mwasanjikiza ma snare awiri koma thupi lachepa m'malo mowonjezeka, mafunde awo akufafanizana. Sunthani tuning ya imodzi pang'ono kapena sankhani ina. Njira yodalirika ndi kusanjikiza zinthu zosiyana, monga clap pamwamba pa snare ya maple, n'kuika kuti clap izilowa velocity ikadutsa 100. Motero timawu tofewa timakhalabe ta snare yeniyeni, ndipo clap imabwera pa kumenya kwamphamvu kokha.

Otenga mawu ku laputopu kudzera pa USB aone manambala a MIDI: pakati pa snare nthawi zambiri ndi 38, rim ndi 40, cross-stick ndi 37. Rim ikamalira mawu achilendo, nambala sizikugwirizana. Mawu akamachedwa, tsitsani buffer, muyezo wa mawu amene laputopu imasonkhanitsa isanawatulutse. Pa 44.1 kHz, buffer ya 512 imatenga pafupifupi mamilisekondi 12, pomwe ya 128 imatenga atatu okha. Pa Windows gwiritsani ntchito driver ya mawu yotchedwa ASIO. Ndipo tsitsani mawu a module yeniyeniyo, kupanda apo mudzamva ma snare awiri osiyana nthawi.

Magetsi ndi kusunga zimene mwakonza

Kung'ung'udza kosalekeza m'masipika si vuto la snare. Kawirikawiri kumabwera module ndi mixer zikalumikizidwa pa masoketi osiyana, kapena mukasamukira pa jenereta ndi inverter magetsi atazima. Lumikizani zonse pa gwero limodzi ndipo yesani batani la ground lift pa DI box. Osadula waya wa earth pa pulagi, n'zoopsa. Magetsi athu ndi a 220 mpaka 240 V, choncho module yochokera ku America iwerengedwe kaye pa adaputa yake ngati imalola mphamvu imeneyi. Adaputa ikatayika, yolowa m'malo ifanane mavoti, isachepe ma milliamp, ndipo kachizindikiro ka positive ndi negative kafanane ndi kamene kali pa module. Adaputa yofooka imachititsa module kuzima n'kuyakanso pakati pa nyimbo.

Ma module ena amafuna kuti mudine SAVE, ena amasunga okha mukazimitsa ndi batani lake. Magetsi akathima mwadzidzidzi, kapena wina akazula pulagi kukhoma, ntchito ya madzulo onse ikhoza kutayika. Mukangomaliza kukonza, sungani, zimitsani ndi batani, yatsaninso muone ngati zakhala. Kenako koperani zonse pa SD card kapena pa flash ngati module ikulola. Ngati siilola, jambulani tsamba lililonse la makonzedwe ndi foni, kapena lembani manambala m'kope limene lizikhala m'chikwama cha timitengo. Factory reset imafafaniza ma kit anu onse pamodzi ndi makonzedwe a trigger, choncho muichite pokhapokha manambalawo mwawasunga kale kwina, ndipo mukatero yambiraninso pa kusankha dzina la pad.